Mukatsika basi ku Joni musayang'ane kumwamba

Sabata ndi sabata mabasi akunyamuka mu Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ngakhalenso ku Mangochi, mphuno zitaloza ku Joni. Musaganize kuti onse okwerawo ndi okasaka ganyu ayi. Masiku ano m'mabasimo mukumakhala amayi okaoda katundu, anyamata okaona achimwene awo, akwati ongotuluka kumene m'tchalitchi, a kwaya opita ku msonkhano, ndi ena ongofuna kukaponda pomwe ankaponda Mandela n'kujambulitsa chithunzi choti adzaonetse ana. Amenewa ndi amene ndafuna ticheze nawo sabata ino, alendo a masiku owerengeka. Inu amene munakhazikika kumeneko mpaka Chizulu chikungotuluka chokha pakamwa simungafune malangizo a mwana ngati ine, komabe werengani, mwina muwauzeko abale anu amene akukonza ulendo.

Nkhani za ku Johannesburg zimafika kuno m'mitundu iwiri. Pali aja amati ukangotsika basi mfuti ili pamphumi. Ndiye pali aja obwera ndi jekete lachikopa, amene ukawafunsa amangoti, "Aaa palibe vuto amwene, bola kuchenjera." Onsewa sathandiza. Woyambayo akungokuopseza, wachiwiriyo sakukuuza kuti kuchenjerako n'kutani.

Tiyambe ndi zoona zake. Apolisi a ku South Africa analengeza okha kuti m'chaka chawo cha 2022/23 anthu opitirira 27,000 anaphedwa m'dzikomo. Mukagawa ndiye kuti anthu pafupifupi 75 tsiku lililonse. Si chiwerengero chosewera nacho chimenechi. Koma imfa zambiri zimachokera m'mikangano ya anthu okhala konko, m'makomboni, m'malo omwera mowa, makamaka kumathero a sabata. Mlendo woyenda masana chimene chimamupeza kawirikawiri n'china: kupisidwa m'thumba, kutsompholedwa foni, kupusitsidwa pa makina otapira ndalama, kapena kuzingidwa ndi anyamata atatu anayi mumsewu n'kumusiya manja ali lende.

Ine ndapitako maulendo angapo, ndipo chimene ndachiona n'chakuti mbava ya mu Joni sisaka wolemera. Imasaka watsopano. Wolemera wa konko ali ndi mpanda wamagetsi, agalu ndi alonda amfuti. Watsopano ndalama zake zonse zili pathupi, njira saidziwa, mtengo wa chinthu chilichonse saudziwa, ndipo sabata yamawa akhala atabwerera kwawo, moti sadzaoneka kukhoti kukachitira umboni. Kwa wakuba, munthu woteroyo ndi nkhuku yomanga kale miyendo.

Agogo athu amene ankapita ku migodi nthawi ya Wenela, yomwe inasiya dzina lake pa depoti ya mabasi ija mu Blantyre, anali ndi mavuto awo aakulu, koma la kusochera analibe. Ankalembedwa kuno, kunyamulidwa, kuwerengedwa ngati matumba a chimanga, mpaka kukatulidwa pa komboni ya mgodi. Kamuzu anaimitsa zimenezi mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo ngakhale zinadzayambiranso, zinatheratu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Lero palibe wokuwerenga. Ukatsika, watsika wekha.

Ndipo umatsika utatopa. Kuchoka mu Blantyre kudzera pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo, kenako kukaima pamzere pa Beitbridge, mpaka kukafika, ndi mtunda wa makilomita oposa 1,700. Zikayenda bwino ndi tsiku ndi theka, zikavuta pachipata ndi masiku awiri. Munthu amafika miyendo itatupa, foni itazima, m'maso muli tulo tokhatokha. Anyamata oima panja pa depoti zonsezi amazidziwa kuposa adalaivala. N'chifukwa chake ine ndimati ola loyamba lija mulikonzekere muli kuno. Nambala ya wokakuchingamirani ndi adiresi ya kokagona mulembe papepala ndi bolopeni, osangodalira foni yomwe ikakhale itafa pa Musina.

Mabasi ena amathera mu Park Station, siteshoni yaikulu ya sitima ndi mabasi yomwe ili m'malire a Braamfontein ndi pakatikati pa tauni. Ena ali ndi madepoti awoawo m'misewu yapafupi. Funsani pogula tikiti kuti basi yanu ikathera pati kwenikweni, ndipo abale anuwo muwauze zomwezo. M'kati mwa Park Station muli alonda, mipando ndi malo ogulitsa zakudya. Nkhani imayambira pakhomo, makamaka mbali yotulukira ku Wanderers Street, kulowera ku siteji ya maminibasi ya Noord, ku Joubert Park ndi ku Hillbrow. Ngati wokuchingamirani sanafike, musatuluke. Ngati mwafika usiku ndipo palibe wobwera, khalani pampando mpaka kuche, chikwama pakati pa miyendo, lamba wake mutamukulunga kudzanja. Tulo ta pampando n'towawa koma sitipha.

Pa ulendo wina ndinakhala mpando umodzi ndi mayi ena achikulire a ku Mulanje, opita kukaona mdzukulu wobadwa kumene. Njira yonse anandidyetsa nthochi ndi mbatata yootcha. Titatsika, ine ndikulimbana ndi katundu wanga pansi pa basi, kunatulukira mnyamata wovala mwaulemu wake, Chichewa chosalala ngati wa pa Ndirande. "Mwafika bwanji amayi? Ana anu andituma kuti ndidzakutengeni, galimoto ili panja apa." Apo n'kuti chikwama atachinyamula kale. Mayi aja nkhope inawala. Chinawapulumutsa ndi funso lomwe anafunsa mwachimwemwe chabe, osati mokayika: "Nanga khandalo alitcha ndani?" Mnyamata uja anatchula dzina lachimuna, pomwe mdzukuluyo anali wamkazi. Mayi anakuwa, mlonda anacheuka, chikwama chinagwera pansi, mnyamata n'kusungunuka m'chigulu cha anthu. Ena anati ndi mankhwala, anadziwa bwanji kuti akupita kwa ana awo? Palibe mankhwala apa. Mayi wachikulire wotsika basi ya ku Malawi ndi thumba la ufa ndi usipa, mukuganiza kuti akupita ku disko?

Apa ndi pamene pali mbuna yathu Amalawi. Tinaleredwa kuti munthu akakupatsa moni uime, uyankhe, ufunsenso za kunyumba. Tikamva chilankhulo chathu kudziko la eni mtima umakhala pansi nthawi yomweyo. Zoona, Amalawi ambiri a ku Joni ndi anthu olimbika ntchito, oti angakuthandizeni ndi mtima wonse. Koma si amene amakhala pakhomo la depoti kudikirira mabasi. Nthawi imeneyo iwo ali ku ntchito. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ku Joni amadya phula ndi amene wafunsa munthu wolakwika. Funsani munthu amene ntchito yamumangirira pamalo amodzi, monga wogulitsa matikiti kuseri kwa galasi, mlonda wa pakhomo la sitolo, kapena mayi wa pa tilu. Wokuyambani yekha, wokugwirani chikwama musanamupemphe, wokankha kangolo amene akuti akuperekezani, muyankheni kamodzi kuti ayi, osaima, osamwetulira. Musadabwe nazo, ndi sukulu yomweyi ya pa depoti ya Lilongwe ndi ku Limbe, kungoti kumeneko anafika nayo ku yunivesite.

Tsono za kayendedwe. Munthu wochoka kuno, kumene nyumba zosanja timaziwerenga ndi zala, akaona Ponte, chinyumba chozungulira chija cha nsanjika zoposa 50, kapena nsanja ya Hillbrow, khosi limapindika lokha. Waima pakati pa njira, kukamwa yasa, maso kumwamba, foni m'manja kufuna kujambula. Kwa atsotsi chimenecho ndi chikwangwani cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Eni tauni amayenda mwandawala, maso kutsogolo, ngati achedwa kwinakwake. Inunso teroni ngakhale musakudziwa kumene mukupita. Mukasokonezeka lowani m'sitolo, mutulutse foni muli m'katimo, muone njira, muibwezere m'thumba lakutsogolo, ndiyeno mutuluke. M'malo othinana ngati Small Street chikwama cha kumsana chibwere pamimba. Tcheni cha pakhosi, ndolo zonyezimira, wotchi ya mphatso ya ukwati, zisiyeni kuno zikudikireni. Mukaona anyamata akuyenda mofanana nanu, wina kutsogolo ena kumbuyo, musadikire kuti mutsimikize, wolokani msewu kapena lowani pakhomo lililonse lotsegula. Kuli kabedwe kokukolani pakhosi kuchokera kumbuyo ena akupisa m'matumba, ndipo zimatha mwamsanga, anthu odutsa ali kuyang'ana kumbali. Kuipa kwake si kwa usiku wokha. Masitolo akangotseka madzulo, kapena Lamulungu masana, misewu ya pakati pa tauni imakhala zii, ndipo msewu wa zii ndi woopsa kuposa wodzaza.

China chosokoneza alendo ndi mayina a misewu. Akuluakulu a mzindawu anasintha mayina ambiri pofuna kulemekeza omenyera ufulu. Bree Street tsopano ndi Lilian Ngoyi, Jeppe ndi Rahima Moosa, President ndi Helen Joseph, Noord ndi Sophie de Bruyn. Amayi anayi amenewa ndi amene anatsogolera chikhamu cha amayi kupita ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 August 1956 kukakana ziphaso. Ulemu wake ndi woyenera ndithu, koma foni idzakuuzani dzina latsopano pomwe adalaivala a minibasi ndi mbale wanu wokulondolerani njira adzanena lakale. Mapeto ake mwaima pa kona, mukuwerenga chikwangwani, mukuyang'ana foni, mukukanda m'mutu. Lembani mayina onse awiri papepala lija.

Maminibasi akumeneko, omwe eni ake amawatcha matekisi, kawirikawiri alibe kondakitala. Mumaimitsa ndi zala: chala choloza kumwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, choloza pansi ndiye kuti pafupi pomwepo. Ndalama zimasonkhedwa mzere ndi mzere kupita kutsogolo, ndipo wokhala pambali pa adalaivala ndi amene amawerengera n'kubweza chenji. Mlendo mpando umenewo muulambalale, apo ayi basi yonse idziwa kuti mwafika dzulo. Tsiku loyamba kwerani ndi munthu wodziwa. Amene muli ndi kangachepe mukhoza kuitana Uber kapena Bolt pa foni, koma yang'anani nambala ya galimoto ndi nkhope ya dalaivala ngati zikufanana ndi za pa foni musanatsegule chitseko. Komanso musaiitanire pamphuno pa eni matekisi. Mu 2017 mkangano wa magulu awiriwa unafika potentherana magalimoto, ndipo mpaka lero sunatheretu. Funsani alonda kuti magalimoto amenewa amaima pati.

Ndalama zawo zidziweni musanafike, kuti musamakazitembenuze pagulu ngati mukuwerenga kalata. Kuyambira 2012 kumaso kwa zonse kuli Mandela, koma kumbuyo kuli nyama: R10 chipembere, R20 njovu, R50 mkango, R100 njati, R200 nyalugwe. Zigaweni patatu. Zochepa za thiransipoti ndi chakudya m'thumba, zambiri m'kathumba ka m'kati mwa zovala, zina zitsale kumene mukugona. Amayi athu anazolowera kumanga pansonga ya chitenje kapena kubisa pachifuwa, ndipo atsotsi nawo anazolowera zomwezo. Vuto si pobisa ayi, vuto ndi potulutsa. Mayi akatembenukira kukhoma n'kuyamba kupisa m'bulauzi pakati pa msika, ndiye kuti walengeza pa wailesi. Lowani kuchimbudzi, mupatule zimene mukufuna kulipira, mutuluke nazo zili m'manja. Osintha ndalama a m'mbali mwa msewu pa Beitbridge ndi ku Musina ali ndi zala zofulumira kuposa maso anu. Sinthani kubanki kapena kumalo ovomerezeka, ndipo risiti musunge.

Pa makina a ATM pali kabedwe kakale koma kakugwirabe anthu. Mwaika khadi, kumbuyo kwanu kwaima bambo waulemu, wa tayi. Akuti makinawa akuvuta lero, tayesani chonchi. Dzanja lake ladutsa kamodzi, khadi lanu lapita, m'manja mwanu mwatsala lina lofanana nalo, ndipo mnzake waona kale nambala yanu yachinsinsi. Pomwe muzizindikira ndalama zalowa m'madzi. Tapani ndalama pa makina a m'kati mwa banki kapena m'masitolo akuluakulu aja, masana, dzanja lina litaphimba manambala. Wina akangoyamba kukulankhulani, dinani batani loletsa, tengani khadi lanu, muone ngati lili ndi dzina lanu, chokanipo.

Okaoda katundu ambiri amalowera ku Oriental Plaza ku Fordsburg, ku Dragon City kapena ku China Mall. M'kati mwa mipanda imeneyi muli alonda. Povuta ndi panjira, chifukwa aliyense akudziwa kuti wopita kumeneko wanyamula ndalama ndipo wochokako wanyamula katundu. Pitani m'mawa, anthu awiri, ndi dalaivala amene abale anu akumudziwa, ndipo musamauze aliyense m'nyumba yogona alendo kuti mawa ndiye tsiku looda.

Inu okwera ndege musaseke, ati izi n'za anthu a basi. Pa bwalo la O.R. Tambo pali achifwamba ena amene ntchito yawo ndi kuona amene wasintha ndalama zambiri kapena wanyamula zikwama zokongola, n'kumutsatira pa galimoto mpaka pageti la kumene akupita. Mu September 2017 alendo 36 ochokera ku Netherlands anakwera basi pabwalopo kupita kumalo awo ogona. Panjira anaimitsidwa ndi galimoto yooneka ngati ya polisi, mmodzi mwa anthuwo atavala yunifomu, n'kulandidwa katundu. Nduna ya apolisi ya nthawi imeneyo, a Fikile Mbalula, inachita kupita kukawapepesa, koma alendowo anabwerera kwawo ulendo usanayambe n'komwe. Ngati zinawachitikira anthu 36 ali pamodzi, nanga inu nokha ndi sutikesi yanu yatsopano? Pabwalo musinthe ndalama zochepa. Sitima ya Gautrain, yomwe inayamba kuyenda mu 2010 nthawi ya mpira wa dziko lonse, imachoka pabwalo pomwepo kukafika ku Sandton m'mphindi 15 zokha. Ndi yodula, koma ili ndi alonda ndipo palibe angaitsatire pa galimoto. Mukakhala m'galimoto, chikwama chikhale pansi kapena m'buti, osati pamiyendo kapena pampando, chifukwa pa maloboti amaswa zenera n'kutsomphola nyali isanasinthe.

Nkhani ya alendo a ku Netherlands ija yatifikitsa pa apolisi, pomwe mlendo amasowa mtengo wogwira. Lamulo la kumeneko limalola wapolisi kukufunsani kuti muonetse chitupa chosonyeza kuti muli m'dzikomo movomerezeka. Ndiye pasipoti muziyenda nayo, koma m'kati mwa zovala, osati m'chikwama chomwe chingatsompholedwe. Fotokope yake isiyeni kumene mukugona, ndipo chithunzi chake mutumize kwa mbale wanu kuno. Wapolisi weniweni amakhala ndi khadi la ntchito lokhala ndi chithunzi chake, ndipo muli ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti mulione. Amene akufuna kuona ndalama zanu, ati aone ngati si zachinyengo, kapena akukukokerani kuseri kwa nyumba kuti mukakambirane bwino, ameneyo mukayikireni ngakhale yunifomu ikhale yosita chotani. Nenani kuti tiyeni tikakambirane ku polisi. Ena adzakupemphani ya kodiringi, yomwe kuno timati ya fanta. Ngati mapepala anu ali bwino mulibe chogula. Mukangotulutsa kathumba kaja kuti mupereke njati imodzi, mwaonetsa pomwe pali anyalugwe.

Mapepala kukhala bwino ndiye nkhani yaikulu. Mmalawi amaloledwa kulowa m'South Africa opanda viza kwa masiku osapitirira 30, koma wodinda pachipata akhoza kukupatsani ochepera apo. Werengani chidindocho musanachoke pa kauntala. Kuyambira 2014, wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikomo, chaka chimodzi ngati wapitiriza pang'ono, zaka zisanu ngati wapitirira masiku 30. Akakugwirani m'katimo mukhoza kukathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kuthamangitsidwa. Mufunsa kuti zikugwirizana bwanji ndi umbava? Munthu amene masiku ake atha sangapite ku polisi kukadandaula, ndipo akuba, eni nyumba achinyengo ndi apolisi adyera onse amadziwa zimenezo. Tsiku limene chidindo chatha, mwasanduka ndiwo za aliyense.

Kogona nakonso mukonzeretu muli kuno. Pakati pa tauni pali nyumba zosanja zimene eni ake anazithawa, zigawenga n'kuzilanda n'kumachititsa lendi, zopanda madzi, magetsi akuba, makomo otulukira otsekedwa ndi zitsulo. Pa 31 August 2023 nyumba yotere, ya Usindiso ku Marshalltown, inapsa usiku ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Munthu wokupezani pa depoti n'kumati ali ndi chipinda chotchipa pafupi pomwepa, kawirikawiri akunena malo otere, ngati chipindacho chilipo n'komwe. Bola kulipira yochulukirapo kumalo odziwika, kapena kugona pamkeka kwa achibale.

Musananyamuke mverani nkhani pa wailesi. Mu May 2008 chipolowe chodana ndi obwera chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Zinabwereranso mu 2015, pomwe boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ake, komanso mu 2019. Zikayamba kununkha, ulendo wokaona malo ukhoza kudikira mwezi wina. Joni sakuthawa.

Nanga zikakugwerani ngakhale mwachita zonsezi? Perekani. Ndikubwereza abale anga, perekani. Kuno tinazolowera kuti ukakuwa kuti wakubaaa, msika wonse umadzuka ndi miyala. Pa depoti paja mayi a ku Mulanje anakuwa zinathandiza chifukwa mlonda anali pafupi ndipo mnyamatayo analibe chida m'manja. Mumsewu, mpeni kapena mfuti zitatuluka, palibe adzadzuke. Musamuyang'anitsitse kumaso, musapise m'thumba mwadzidzidzi, musathamangire foni yanu ikapita. Kathumba ka ndalama zochepa kaja ndi kamene kagwire ntchito pamenepa. Zikatha lowani m'sitolo yapafupi mupemphe thandizo. Nambala ya polisi ndi 10111, ndipo pa foni ya m'manja 112 imalowa ngakhale mulibe mayunitsi. Pitani ku polisi mukalembetse, akupatseni nambala ya mlandu. Musayembekezere kuti katundu abwerera, koma pepala limenelo ndi limene mudzapite nalo kwa akazembe athu, ku Pretoria kapena ku ofesi yawo ya mu Johannesburg, ngati pasipoti yapita nawo, kuti akupatseni chikalata chobwererera kumudzi. Khadi la kubanki litsekedwe ola lomwelo, choncho nambala ya banki yanu ikhalenso papepala lija.

Tsono ndisakusiyeni mutadzitsekera m'chipinda masiku 14, n'kubwera kuno osaona kanthu koma denga. Chimandidabwitsa n'chakuti Mmalawi amanjenjemera akamva dzina loti Soweto, koma yemweyo amayenda pa Noord madzulo ndi ndalama za katundu wa sitolo yonse m'sokosi. Mu Vilakazi Street ku Orlando West, msewu umene munali nyumba za Mandela ndi Desmond Tutu, masana mumadzaza alendo ochokera m'mayiko onse. Chapafupi pomwepo pali nyumba yokumbukira Hector Pieterson ndi ana asukulu amene anaomberedwa pa 16 June 1976. Ku Apartheid Museum, yomwe inatsegulidwa mu 2001, tikiti yanu imakuuzani ngati ndinu mzungu kapena ayi, n'kulowera khomo losiyana ndi mnzanu amene mwabwera naye, kuti mulaweko pang'ono mmene zinkakhalira. Ku Constitution Hill kuli ndende yakale momwe anatsekeredwamo Gandhi ndi Mandela pa nthawi zosiyana, ndipo pambali pake anamangapo khoti lalikulu loona za malamulo a dziko. Malo onsewa ndi oti munthu ukhoza kutulutsa foni n'kujambula mtima uli m'malo. Chofunika ndi kudziwa chokufikitsani pakhomo ndi chodzakutengani pakhomo pomwepo, osati kuyenda wapansi kuchoka pena kupita pena poti pa foni pakuoneka pafupi.

Tsiku lobwerera ndi mphwake wa tsiku lofika. Katundu wachuluka, manja ndi awiri okha, mtima uli kale kumudzi. Fikani pa depoti dzuwa likadalipo, ndi munthu wokuperekezani, kuti wina akamakambirana za kulemera kwa katundu wina akhale maso pa matumba. Matumba amizeremizere aja amafanana onse, ndiye lembani dzina ndi penti kapena mangani kansalu kowala pa chogwirira chilichonse, muwawerenge akamalowa. Pasipoti, foni ndi ndalama zotsala zisalowe pansi pa basi. Pachipata akanena kuti aliyense atsitse katundu wake, imani pambali pa wanu ngakhale kuzizire chotani, mpaka mutaona thumba lomaliza labwerera m'malo mwake ndipo chitseko chatsekedwa, ndiyeno mukwere.